ZIMBABWE: Aphunzitsi ndi mankhwala ozunguza bongo m'sukulu za ku Kadoma ndi Chegutu

KADOMA - Mwana wa sukulu amakhala pamaso pa mphunzitsi masiku asanu pa sabata, kuyambira m'mawa mpaka masana. N'chifukwa chake mwanayo akayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, omwe ena amawatchula kuti osokoneza bongo, mphunzitsi ndiye amakhala ndi mpata woyamba woona kuti zinthu zasintha. Zomwe zimatsatira zimadalira zinthu ziwiri: zimene mphunzitsiyo akudziwa za mankhwalawo, ndi momwe amamuonera mwana amene wagwa m'vutoli. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimachititsa kuti mwana apitirize maphunziro akulandira thandizo, kapena achotsedwe sukulu n'kukathera kumigodi ndi m'misewu.

Nkhani ino ikufotokoza mfundo zikuluzikulu za vutoli potengera matauni a Kadoma ndi Chegutu m'dziko la Zimbabwe.

Matauni a golide ndi thonje

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana a m'chigawo cha Mashonaland West, pamsewu waukulu ndi njanji zochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Chegutu ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Harare, ndipo Kadoma ili pa makilomita pafupifupi 140. Mpaka m'chaka cha 1982, Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inkatchedwa Hartley. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 100,000 ku Kadoma ndi oposa 60,000 ku Chegutu.

Matauniwa anakula chifukwa cha golide ndi thonje. Migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Giant ku Gadzema, pamodzi ndi mafamu ozungulira, inakoka anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique m'nthawi ya atsamunda. Zidzukulu zawo zikadali komweko, Gule Wamkulu amavinidwa m'makomboni a kumigodi, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013.

Kampani yopanga nsalu ya David Whitehead, yomwe inalemba ntchito anthu ochuluka m'matauni onse awiri, inalowa m'mavuto aakulu azachuma m'zaka za m'ma 2000 ndi 2010, ndipo mabanja ambiri anataya pogwira. Achinyamata ambiri anatembenukira ku ntchito yokumba golide pamanja, yomwe oigwira amatchedwa makorokoza. Izi zimakhudza sukulu mwachindunji. Mnyamata wa Fomu 3 akhoza kupeza ndalama kumigodi pa tchuthi, akhoza kucheza ndi amuna akuluakulu omwe amamwa ndi kusuta kuti apirire ntchito yausiku, ndipo sukulu ikatsegulidwa amabwera ndi zomwe waphunzira kumeneko. Msewu waukulu nawonso umafewetsa kayendedwe ka katundu wozembetsa.

Mankhwala ake ndi ati?

Mowa ndi fodya. Izi ndi zimene ana ambiri amayambira, ngakhale kuti malamulo amaletsa kuzigulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18. Kupatula mowa wa m'mabotolo ndi kachasu, pali mowa waukali wosavomerezeka wotchedwa musombodia, ndi wina wotsika mtengo wa m'timabotolo ting'onoting'ono womwe umatchedwa tumbwa. Mowa wopangidwa mobisa nthawi zina umakhala ndi poizoni wotchedwa methanol, yemwe amachititsa khungu ngakhalenso imfa.

Chamba. Ku Zimbabwe amachitcha mbanje. China chimalimidwa m'dziko momwemo, china chimachokera ku Malawi kudzera m'chigawo cha Tete. Wosuta amafiira maso, amaiwalaiwala ndipo amachedwa kugwira zinthu m'kalasi. Chamba amachiphikiranso m'timakeke, ndipo akatero sichitulutsa utsi kapena fungo lomwe aphunzitsi analizolowera.

Mankhwala a chifuwa. Odziwika kwambiri ndi BronCleer, omwe achinyamata amawatcha bronco. Ali ndi codeine, mankhwala a m'gulu limodzi ndi morphine. Saloledwa kugulitsidwa ku Zimbabwe ndipo amazembetsedwa kuchokera ku South Africa. Amagonetsa, amachepetsa liwiro la kupuma, ndipo akasakanizidwa ndi mowa akhoza kupha. Akathiridwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi sazindikirika.

Mutoriro. Ili ndi dzina la methamphetamine wooneka ngati timiyala toyera, yemwe amatchedwanso guka makafela kapena dombo. Anafala kwambiri m'matauni a Zimbabwe kumapeto kwa zaka za m'ma 2010 ndi m'nthawi ya COVID-19. Amasutidwa m'kapaipi kagalasi, nthawi zambiri kopangidwa kuchokera ku babu lamagetsi. Wosuta amatha masiku osagona, safuna kudya, amaonda, amakayikira aliyense, kenako amagona tulo tofa nato mphamvu ya mankhwalawo ikatha. Ena amayamba kumva mawu ndi kuona zinthu zomwe palibe.

Mapiritsi ndi zonunkhiza. Mapiritsi a kuchipatala ogonetsa ndi a matenda a maganizo amagulitsidwa m'misewu pa dzina loti mangemba. Guluu amanunkhizidwa makamaka ndi ana okhala m'misewu.

Bongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20. Akatswiri a zaumoyo amagwirizana kuti mwana woyamba mankhwala ali wamng'ono amakhala pachiopsezo chachikulu choti adzalephera kuwasiya.

Zomwe aphunzitsi amadziwa, ndi pomwe pali mpata

Kafukufuku wa mankhwala m'sukulu za Zimbabwe si wa lero. M'zaka za m'ma 1990, Stanley Acuda, katswiri wa matenda a maganizo yemwe ankaphunzitsa pa University of Zimbabwe, ndi mnzake wa ku Norway, Arne Eide, anafunsa ophunzira a sekondale m'tauni ndi m'midzi. Iwo anapeza kuti mowa ndi fodya ndizo zinali patsogolo, ndipo chamba ndi zonunkhiza zinkabwera pambuyo.

Chithunzi chimenechi ndicho aphunzitsi ambiri achikulire anakula nacho. Mphunzitsi amene wagwira ntchito zaka 20 amadziwa fungo la mowa, amadziwa maso a wosuta chamba, amadziwanso kuseri kwa zimbudzi komwe ana amabisala. Koma bronco, mutoriro ndi mapiritsi sizinunkha motero. Mwana wosuta mutoriro poyamba akhoza kuoneka wachangu, wolankhula kwambiri ndi wosatopa, zomwe munthu wosadziwa angazitenge ngati khama. Pofika nthawi yomwe kuonda ndi kulusa zaonekera, vuto limakhala litazika mizu.

Mpata wachiwiri ndi wa chilankhulo. Mayina a mankhwala amachokera m'Chishona cha m'misewu ndi m'nyimbo za achinyamata, ndipo amasintha akuluakulu akangowazindikira. Mwachitsanzo, mawu oti kusticka amanena za munthu amene waledzera ndi mankhwala mpaka kungouma pamodzi. Mphunzitsi akhoza kumva ana akukambirana za malonda a mankhwala iye ali pompo, osatolapo kanthu. M'madera a migodi, momwe ana amasakaniza Chishona, Chichewa ndi Chingerezi, vutoli limakula.

Mpata wachitatu ndi woopsa kwambiri, chifukwa umapweteka ana osalakwa. Zizindikiro za mankhwala zimafanana ndi za mavuto ena. Mwana wosinza m'kalasi akhoza kukhala kuti wagona ndi njala, wayenda mtunda wautali, wachezera kumigodi, kapena akumwa mankhwala a khunyu omwe amagonetsa. Mwana amene wasiya kucheza ndi anzake akhoza kukhala kuti akuchitidwa nkhanza kunyumba kapena waferedwa. Mapiritsi opezeka m'chikwama akhoza kukhala ma ARV, ndipo mphunzitsi wowatulutsa pamaso pa kalasi yonse amakhala waulula chinsinsi chomwe sichingabwezedwe. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuona kusintha, kulemba zomwe waona ndi kufunsa mwanayo pambali. Kutsimikiza kuti ndi mankhwala ndi ntchito ya azaumoyo.

Palinso zikhulupiriro zomwe zimamveka pakati pa ana ndi akuluakulu omwe. Ena amati chamba chimatsegula mutu pa mayeso, pamene chimafooketsa mphamvu yokumbukira zomwe munthu wangowerenga kumene. Ena amati mankhwala a chifuwa sangavulaze chifukwa ndi a kuchipatala. Enanso amati vutoli ndi la anyamata a m'makomboni osauka okha, pamene limapezekanso pakati pa atsikana ndi m'sukulu zogonera za ana a anthu olemera.

Momwe aphunzitsi amauonera mlanduwu

Aphunzitsi ndi anthu a m'mudzi momwemo, ndipo maganizo awo ndi omwe amapezekanso pakati pa makolo, m'mipingo ndi m'misika.

Maganizo oyamba ndi oti wogwiritsa ntchito mankhwala ndi wophwanya malamulo, ndipo ayenera kuchotsedwa asanawononge anzake. Pali nzeru m'maganizo amenewa, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mphunzitsi wamkulu ali ndi udindo woteteza ana mazanamazana. Koma kuchotsa mwana sukulu sikumuchotsa m'dera. Ku Rimuka m'tauni ya Kadoma kapena ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu, mwana wochotsedwa amakhalabe moyandikana ndi anzake a m'kalasi, ndipo tsopano ali ndi tsiku lonse lopanda womuyang'anira.

Maganizo achiwiri ndi ongoyang'ana kumbali. Mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi ndi silabasi yoti amalize akhoza kunena kuti nkhaniyi ndi ya makolo ndi apolisi. Nthawi zina chifukwa chenicheni ndi mantha. Wogulitsa mankhwala amakhala m'dera lomwelo momwe mphunzitsi amachita lendi, ndipo woulula sakhala ndi chitsimikizo choti dzina lake lisungidwa.

Maganizo achitatu ndi oti mwana walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu yoipa, makamaka akayamba kulankhula yekha chifukwa cha mutoriro. Mapemphero ndi uphungu wa kumpingo zimalimbikitsa mabanja ambiri, koma mwana amene wasokonezeka maganizo amafunika kuonedwa ndi achipatala mwachangu.

Maganizo achinayi ndi oti kuzolowera mankhwala ndi matenda omwe amachizika, ndipo mwana woyesa kamodzi si wofanana ndi wogulitsa. Amenewa ndi maganizo omwe mabungwe a zaumoyo a padziko lonse amalimbikitsa.

Pa mowa ndi fodya, zinthu zimavuta mwanjira ina. Mashonaland West ndi chimodzi mwa zigawo zolima fodya wambiri ku Zimbabwe, ndipo fizi ya ana ambiri imachokera ku fodya. Mowa nawo ndi gawo la maukwati, maliro ndi macheza. Choncho akuluakulu amaopa mutoriro koma amapeputsa mowa, ngakhale kuti mowa ndiwo umafikira ana ambiri. Mphunzitsi amene amatuma mwana kukagula ndudu, kapena amene ana amamuona ataledzera, amafooketsa phunziro lililonse lomwe angapereke m'kalasi.

Kusiyana kwa maganizoku kunaonekera poyera mu Januwale 2023, pamene sukulu ina yotchuka ya atsikana mu Harare inachotsa ophunzira 8 pa nkhani ya mankhwala. Ena anayamikira sukuluyo chifukwa cholimba mtima, ena anafunsa kuti atsikanawo akapeza kuti thandizo.

Malamulo akuti chiyani?

Kupezeka ndi chamba kapena mankhwala ena oopsa, kuwagwiritsa ntchito ndi kuwagulitsa ndi milandu pansi pa malamulo a Dangerous Drugs Act ndi Criminal Law (Codification and Reform) Act. Ziphaso zolimira chamba cha mankhwala a kuchipatala ndi kafukufuku, zomwe zinaloledwa mu 2018, sizinasinthe zimenezi. Mu 2023 boma linatchula methamphetamine mwachindunji pamndandanda wa mankhwala oopsa, maloya atatsutsa m'makhoti kuti sanalembedwe bwino m'malamulo akale.

Kumbali ya sukulu, lamulo la Education Amendment Act la 2020 linaletsa aphunzitsi kumenya ana. Lamuloli limati chilango chikhale choyenerana ndi kulakwa, ndipo mwana asaimitsidwe sukulu asanapatsidwe mpata wonena mbali yake mothandizidwa ndi makolo. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ndiwo ukhale patsogolo. Mabungwe oteteza ana anakondwera ndi kusinthaku, koma aphunzitsi ndi makolo ena anadandaula kuti chikwapu chachotsedwa popanda kuika china m'malo mwake. Dandaulo limeneli likuloza pa maphunziro a aphunzitsi: amene sanaphunzitsidwe njira ina yolangira ndi yolangizira amatsala ndi njira ziwiri zokha, kuchotsa mwana kapena kukhala chete.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Zimbabwe National Drug Master Plan ya 2020 mpaka 2025, ndi komiti ya nduna zingapo yoona za vutoli. Mu February 2023 apolisi anayamba ntchito yapadera yomanga ogulitsa mankhwala m'dziko lonse. Mu June 2024 mtsogoleri wa dzikolo, a Emmerson Mnangagwa, anakhazikitsa ndondomeko ina ya 2024 mpaka 2030, yomwe ikuphatikiza kuchepetsa kupezeka kwa mankhwala, kuchepetsa chilakolako chake, kuchiza ndi kubwezera ochira m'madera mwawo.

M'sukulu, nkhani ya mankhwala imaphunzitsidwa m'phunziro la uphungu ndi maluso a moyo, lotchedwa Guidance and Counselling. Mu 2018 unduna wa zamaphunziro ndi wa zaumoyo anatulutsanso ndondomeko ya zaumoyo m'sukulu. Vuto lomwe akatswiri a maphunziro akhala akulitchula ndi loti phunziro la uphungu limapatsidwa kwa aphunzitsi omwe ali kale ndi maphunziro ena, ambiri osaphunzira za uphungu, ndipo nthawi yake imalandidwa mayeso akayandikira.

Moyo wa mphunzitsi

Maganizo a aphunzitsi sangamveke bwino popanda kuona momwe ntchito yawo yayendera. Mu 2008, ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu, aphunzitsi zikwizikwi anasiya ntchito n'kupita ku South Africa ndi Botswana. Kumayambiriro kwa 2009 bungwe la UNICEF linati sukulu 94 mwa 100 zilizonse za m'midzi zinali zotseka. Kuyambira kumapeto kwa 2018, mabungwe a aphunzitsi monga ZIMTA, PTUZ ndi ARTUZ anakhala akulimbana ndi boma kuti malipiro abwerere pa madola 540 a ku America omwe ankalandira kale, ndipo kunyanyala ntchito kunachitika kangapo.

Mu Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono kumapeto kwa Seputembala. Kwa miyezi yambiri ana anali kunja kwa maso a aphunzitsi. Ena analowa m'migodi ndi m'malonda a m'misewu, ena sanabwererenso. Iyi ndi nthawi yomwenso mutoriro unafala. Pa kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wa 2024, anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse ku Zimbabwe anati vuto la mankhwala ndi lofala m'dera lawo.

Zomwe zimathandiza ndi zomwe sizithandiza

Mabungwe a UNODC ndi WHO anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri m'chikalata cha mfundo zopewera mankhwala, chomwe chinatulukanso chokonzedwa mu 2018. Zina mwa zomwe anapeza zimatsutsana ndi zomwe sukulu zambiri zimachita.

Malinga ndi mfundozo, kuopseza ana ndi zithunzi ndi nkhani zochititsa mantha sikusintha khalidwe. Kungowawerengera mayina a mankhwala ndi kuipa kwake sikukwanira. Kubweretsa munthu amene anasiya mankhwala kuti apereke umboni, ndi kuyeza ana mkodzo mwadzidzidzi, nazonso sizinaonetse phindu lodalirika.

Zomwe zinaonetsa phindu ndi maphunziro otsatizana, pafupifupi 10 mpaka 15, kamodzi pa sabata, operekedwa ndi munthu wophunzitsidwa bwino, momwe ana amayeserera okha kukana anzawo, kuugwira mtima ndi kupanga chiganizo. Kuuza ana zoona, kuti anzawo ambiri sagwiritsa ntchito mankhwala, kumathandizanso, pakuti mwana amayesa chinthu akaganiza kuti aliyense akuchita. Zinanso ndi luso la mphunzitsi loyendetsa kalasi mwabata, malamulo a sukulu omveka omwe amakhudza ana ndi ogwira ntchito mofanana, ndi chilango chotumiza mwana ku uphungu ndi chithandizo. Kusunga mwana pasukulu pakokha ndi chitetezo.

Pafupifupi zonsezi zimadutsa m'manja mwa mphunzitsi. Ichi n'chifukwa chake mabungwe a UNESCO, UNODC ndi WHO, m'kabuku kawo ka 2017 konena za udindo wa sukulu pa mowa, fodya ndi mankhwala, anaika maphunziro a aphunzitsi pakati pa zofunika kwambiri.

Mwana angatumizidwe kuti?

Mphunzitsi amene wasankha kuthandiza mwana amakumana ndi funso lina: amutumize kuti? Pasukulu pali mphunzitsi wa uphungu ndi komiti yoteteza ana. Unduna wa zamaphunziro uli ndi nthambi ya akatswiri a maganizo a ophunzira, ndipo m'maboma muli maofesi oona za chisamaliro cha anthu. Bungwe la Childline Zimbabwe limalandira mafoni aulere pa nambala 116. Kwa ana opalamula milandu ing'onoing'ono, pali ndondomeko yowapatutsa kuti asafike kukhoti.

Chithandizo chakuya ndicho chosowa. Zipatala zikuluzikulu za boma za matenda a maganizo zili ku Harare, ku Ingutsheni mu Bulawayo ndi ku Ngomahuru m'chigawo cha Masvingo. Akuluakulu a zaumoyo akhala akunena kuti odwala pafupifupi 60 mwa 100 alionse ogonekedwa m'zipatala zoterezi amabwera ndi mavuto okhudzana ndi mowa ndi mankhwala. Malo ochizira omwe si a boma ndi okwera mtengo kwa banja la kukomboni. Kwa kholo la ku Chakari kapena ku Gadzema, ulendo wa ku Harare umafuna ndalama zoyendera, malo ogona ndi masiku osagwira ntchito.

Maiko oyandikana

Vutoli silithera pamalire. Dziko la Zambia linaletsa mowa wa m'timapepala wotchedwa tujilijili mu 2012, ndipo Malawi inaletsa masacheti mu 2015. M'maiko onse awiri chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ana a sukulu ankaugula mosavuta ndi kuubisa m'matumba. Opanga mowa anasamukira ku timabotolo totsika mtengo, ndipo aphunzitsi anayenera kuphunziranso chomwe ayang'ane. Malawi inavomereza ulimi wa chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala mu 2020, koma kusuta kukadali mlandu.

Mabanja ambiri a ku Kadoma ndi Chegutu ali ndi abale ku Malawi, ku Tete ndi kuchigawo cha Kum'mawa ku Zambia, ndipo misewu yomwe imalumikiza abalewa ndi yomwenso katundu wozembetsa amadutsamo. Ndondomeko ya Zimbabwe ya 2024 mpaka 2030 yaika sukulu pakati pa malo opewera vutoli. Kuti zolembedwazo zifike m'kalasi, pafunika aphunzitsi ophunzitsidwa kuzindikira mankhwala a masiku ano, nthawi yeniyeni ya phunziro la uphungu, chitetezo kwa oulula ogulitsa, ndi malo apafupi otumizako mwana amene wapezeka ndi vutoli.